Kalata yotseguka kwa Boma la Cambodia ndi United Nations: khoti lidatseka, umboni usaole

Olemekezeka Nduna Yaikulu ya dziko la Cambodia, a Hun Manet,
Olemekezeka Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations,
ndi maboma onse amene adasonkha ndalama zoyendetsera khoti lozenga atsogoleri a Khmer Rouge,

Pa 22 Sepitembala 2022, oweruza asanu ndi awiri a khoti la apilo la ECCC, khoti lapadera lozenga atsogoleri a Khmer Rouge, adakana dandaulo la Khieu Samphan, yemwe adali mtsogoleri wa dziko mu ulamuliro wa Khmer Rouge, natsimikiza kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Pakati pa oweruzawo padali Mayi Florence Mumba a ku Zambia. Tsiku limenelo khoti lidagamula mlandu wake womaliza. Kuyambira mu Januwale 2023 latsala ndi ntchito zomalizira chabe: kuyang'anira mkaidi mmodzi wotsalayo, kuteteza mboni, kusunga zikalata ndi kufalitsa zimene lidapeza. Ntchito zimenezi poyamba zidapatsidwa zaka zitatu, ndipo ngakhale muzionjezere nthawi kangati, tsiku lina zidzatha. Kwathu timati mlandu suola. Koma pepala limaola, fupa limafumbwa, ndipo mboni imakalamba n'kumwalira. Takulemberani kuti zinthu zitatuzi, pepala, fupa ndi mboni, muzipatse mwini wokhazikika ndi ndalama zokhazikika nthawi isanathe.

Kuyambira pa 17 Epulo 1975 mpaka pa 7 Januwale 1979, zaka 3, miyezi 8 ndi masiku 20, anthu pakati pa 1.5 miliyoni ndi 2 miliyoni adafa mwa anthu pafupifupi 8 miliyoni a m'dzikolo. Ena adaphedwa. Ena adafa ndi njala, matenda ndi ntchito yakalavulagaga pa madamu a Trapeang Thma ndi 1 Januwale, pa bwalo la ndege la Kampong Chhnang, ndi m'minda ya mpunga imene idalamulidwa kutulutsa matani atatu pa hekitala ngakhale nthaka isakufuna. Pa imfa zonsezi, anthu atatu okha ndi amene adapezeka olakwa: Kaing Guek Eav, wodziwika kuti Duch, mkulu wa ndende ya S-21, Nuon Chea, ndi Khieu Samphan. Pol Pot, mtsogoleri wamkulu wa Khmer Rouge, adamwalira mu Epulo 1998 osaimapo pamaso pa woweruza. Mwa atsogoleri ena, Ta Mok adamwalira mu 2006, Ieng Sary mu 2013 mlandu uli mkati, ndipo Ieng Thirith adamasulidwa mu 2012 chifukwa cha matenda oiwalaiwala. Khoti lidadya ndalama zoposa madola 330 miliyoni. Sitikunyoza ntchito yake. Lidasiya zigamulo zolembedwa mosamala, ndipo anthu oposa 200,000 adafika kudzamvera milandu ndi makutu awo, ambiri atayenda usiku pa basi kuchokera kumidzi. Komatu chuma chenicheni chimene ndalamazo zidagula ndi umboni umene udasonkhanitsidwa, ndipo umenewu ndi umene uli pachiopsezo.

Inu a United Nations mukudziwa bwino zimene zimachitika ntchito ikamadalira mphatso. Mu 2013 ogwira ntchito a ku Cambodia pa khotilo, omasulira ndi ena, adanyanyala ntchito atakhala miyezi osalandira malipiro, ndipo kuyambira mu 2014 msonkhano waukulu wa mayiko udayamba kuloleza ndalama zapadera zoti khoti lisaime. Khoti likaima mwezi umodzi, mlandu umangochedwa. Chipinda chosungira zikalata chikazimitsidwa magetsi mwezi umodzi m'nyengo ya mvula ya ku Phnom Penh, zimene zaonongeka sizibwerera.

Tiyambe ndi pepala, popeza m'pamene pali ntchito yambiri. Ndende ya S-21, imene lero ndi nyumba yosungira mbiri ya Tuol Sleng, idali sukulu ya sekondale. Mpaka lero zipinda zake zili ndi matailosi aja achikasu ndi oyera, mabedi achitsulo, tizipinda ta njerwa tosakwana mita imodzi m'lifupi, ndi waya waminga wotchinga makonde kuti akaidi asadziponye pansi. Pabwalo pali manda 14 opakidwa laimu a anthu omalizira amene adapezeka atafera pa mabediwo mu Januwale 1979. Khoti, pa mlandu wachiwiri, lidalandira mndandanda wa akaidi oposa 18,000 amene adalowa m'menemo, ndipo otuluka amoyo adali owerengeka. Alonda pothawa adasiya zithunzi zikwi zingapo, mabuku olowera ndi otulukira, ndi zikalata zikwi zingapo za "kuvomera mlandu". UNESCO idalemba zikalatazi m'kaundula wake wa zolemba zofunika pa dziko lonse mu 2009.

Ambiri mwa mapepalawa ndi opyapyala, otayipidwa ndi kaboni, ndipo adapangidwa ndi asidi wambiri amene amawachititsa chikasu n'kuwaphwanya m'mphepete. Pepala lotere limafuna chipinda chozizira madigiri 18 mpaka 20, chinyezi cha mumpweya chikhale pakati pa 35 ndi 50 peresenti. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimamera. Choopsa kuposa kutentha ndi kusinthasintha. Mlonda akamazimitsa makina oziziritsa madzulo kuti asunge ndalama za magetsi n'kuwayatsa m'mawa, mpweya wofunda umagunda mabokosi ozizira, madzi n'kudikha ngati mame, ndipo pepala limafufuma ndi kufota tsiku lililonse mpaka ulusi wake utaduka. Ndiye pamafunika jenereta yodziyatsa yokha, makina ochotsa chinyezi apadera, ndi kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi ola lililonse kamene munthu wina amakawerengadi sabata iliyonse. Mashelufu akhale achitsulo, otalikira pansi masentimita 15 kapena kuposa, osagunda khoma, chifukwa chiswe chimayenda m'khoma ndipo madzi osefukira amayamba ndi shelufu yapansi. Mapini ndi masitepulo achotsedwe, chifukwa dzimbiri limadya pepala mozungulira. Pasapezeke womata ndi selotepi kapena wokutira pepala m'pulasitiki wotenthetsa. Zimenezi zimaoneka ngati kusamala, koma guluu wake amalowa m'pepala ndipo sachokanso.

Manegetivu a zithunzi ndiwo amafulumira kufa. Filimu ya nthawi imeneyo ikayamba kuola imanunkha ngati vinigala, imakwinyika, ndipo mpweya wake umaoletsanso yoyandikana nayo. Mankhwala ake ndi kuzizira basi: kuisunga m'firiji yake, m'matumba omata, ndipo poitulutsa kuisiya maola angapo isanatsegulidwe kuti isachite thukuta.

Tikudziwa kuti zambiri za ku Tuol Sleng zidajambulidwa kale n'kuikidwa pa kompyuta, ndipo n'zoyamikirika. Kungoti kujambula sikuthetsa ntchito. Fayilo iliyonse yaikulu isungidwe mu TIFF wosafinyidwa, pa madontho osachepera 400 pa inchi, ndipo ikhale m'makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi lili kunja kwa dziko. Fayilo iliyonse ikhale ndi checksum, nambala imene imasintha kachidutswa kamodzi kakangoonongeka, ndipo manambalawa aziyesedwa kawiri pa chaka. Ma disiki azisinthidwa pakatha zaka pafupifupi zisanu. Apa m'pamene ntchito za mphatso zimagwera: wopereka amalipira makina ojambulira ndi mwambo wotsegulira, koma palibe amalipira munthu woyesa mafayilo chaka chachisanu ndi chimodzi. Tikupempha kuti Boma la Cambodia liike mzere wakewake mu bajeti ya chaka ndi chaka, ndipo United Nations isunge kope lathunthu la zikalata za khoti pansi pa pangano lolembedwa, lonena momveka kuti wofufuza aliyense, wa ku Cambodia kapena wakunja, angazione bwanji, ndi kuti akakanizidwa akadandaule kwa yani.

Pali chenjezo limodzi limene sitingalilumphe. Zikalata za "kuvomera mlandu" zidalembedwa ndi anthu amene ankamenyedwa, kuzulidwa zikhadabo ndi kugwidwa ndi magetsi mpaka atanena kuti ndi akazitape a CIA, KGB kapena Vietnam, n'kutchula mayina a anzawo makumimakumi. Khoti lidakana kutenga zonenedwamo ngati zoona, motsatira pangano la mayiko loletsa kuzunza anthu. Mdzukulu akalemba dzina la agogo ake pa intaneti n'kulipeza pa mndandanda wa "oukira", ayenera kupeza pomwepo, pa tsamba lomwelo, m'Chikhmer chosavuta, mawu omuuza kuti mndandandawo udatuluka m'mazunzo. Popanda mawu amenewo, bodza la Angkar, dzina limene utsogoleri wa Khmer Rouge unkadzitcha, lidzakhala likufalitsidwa ndi makina athu omwe. Chimodzimodzi zithunzi. Nambala imene ili pachifuwa cha mkaidi si nambala yake yekha, chifukwa kwa nthawi yaitali ojambula ankayambiranso kuwerenga, ndipo zithunzi zambiri zidalekana ndi mafayilo ake. Wachibale akabwera n'kunena kuti uyu ndi mlongo wanga, dzinalo lilembedwe pamodzi ndi la wonenayo, ubale wake ndi tsiku, ndipo litsimikizidwe ndi munthu wachiwiri kapena chikalata lisanamatidwe pansi pa chithunzi. Patapita zaka 50, maso a munthu wolira amatha kuona m'bale wake pa nkhope ya mlendo.

Tsopano milandu imene idafera panjira. Khoti lidamangidwa mwakuti pa mpando wa wozenga milandu ndi wa woweruza wofufuza pakhale awiri, wa ku Cambodia ndi wakunja, ndipo chigamulo chizifuna oweruza anayi mwa asanu, kapena asanu mwa asanu ndi awiri pa apilo. Cholinga chidali chakuti mbali imodzi isapondereze inzake. Pa milandu 003 ndi 004, yokhudza Meas Muth, Im Chaem, Ao An ndi Yim Tith, dongosololi lidasanduka msampha. Mu Okutobala 2010 a Hun Sen, Nduna Yaikulu ya nthawiyo, adauza a Ban Ki-moon, Mlembi Wamkulu wa United Nations wa nthawiyo, kuti sipadzakhala mlandu wina kupitirira wachiwiri. Oweruza ofufuza akunja awiri, Siegfried Blunk ndi Laurent Kasper-Ansermet, adatula pansi maudindo mu 2011 ndi 2012. Mlandu wa Im Chaem udathetsedwa mu 2017. Pa itatu inayo woweruza wakunja adalamula kuti woganiziridwayo azengedwe, wa ku Cambodia nalamula kuti mlandu uthe, ndipo bwalo lounika silidapeze mavoti anayi okomera mbali iliyonse. Wa Ao An udatsekedwa mu 2020, wa Meas Muth ndi wa Yim Tith mu Disembala 2021.

Anthu amenewa sadapezeke olakwa, ndipo tisawatchule ngati olakwa. Koma ofufuza adatha zaka akufunsa mboni za zimene zidachitika pa zilumba ndi panyanja, ndi za kuphana kwa m'zigawo za kumpoto chakumadzulo ndi chapakati, ndipo anthu amene adalankhula adalankhula poyembekeza kuti mawu awo adzamveka. Mafayilowa aunikidwe limodzi limodzi. Dzina la mboni yotetezedwa, mudzi wake ndi chilichonse chomuzindikiritsa zifufutidwe pa kope la anthu onse, loyambirira lisungidwe losakhudzidwa, ndipo fayilo iliyonse yotsala yachinsinsi ilembedwe chifukwa chake ndi chaka chimene idzaunikidwenso. Pofufutapo, musangopaka mzere wakuda pamwamba pa mawu a pa kompyuta, chifukwa mawuwo amakhalabe pansi ndipo aliyense angawakopere. Mawuwo achotsedwe kwenikweni, tsambalo lijambulidwenso, ndipo zichitike mofanana m'zinenero zonse zitatu za khoti, Chikhmer, Chingerezi ndi Chifalansa. Dzina lobisidwa m'chinenero chimodzi n'kuiwalika m'china laululika kale.

Za mafupa. Bungwe la DC-Cam, losonkhanitsa umboni wa nthawi ya Khmer Rouge, limene lidayamba mu 1995, lidayenda m'dziko lonse n'kulemba maenje oposa 19,000 okwiriramo anthu ambiri ndi ndende 196. Ku Choeung Ek, makilomita pafupifupi 15 kumwera kwa Phnom Penh, maenje 86 mwa 129 adafukulidwa mu 1980 ndipo mudatuluka mitembo pafupifupi 9,000. Zigaza zili m'nsanja yagalasi imene idamangidwa mu 1988. Mvula ikagwa yamphamvu, mano, tizidutswa ta mafupa ndi nsanza zimatulukabe m'tinjira toyendamo alendo. Mu Julayi 2025 UNESCO idalemba Choeung Ek, Tuol Sleng ndi ndende yakale ya M-13 pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Tikukuyamikirani. Nkhawa yathu ili pa malo ena mazanamazana amene alendo safikako. Tinyumba tamatabwa timene tidamangidwa m'zaka za m'ma 1980 kuti tisunge mafupa tidagwa m'madera ambiri, ng'ombe zidatafuna mafupa, maenje ena adakumbidwa ndi ofuna golide, ndipo ena adalimidwa kapena kumangidwapo. Dzenje likangolimidwa nyengo zitatu, silionekanso.

Chofunika apa si chodula. Malo aliwonse amene ali pa mapu a DC-Cam ayenderedwenso, malire ake ayesedwe ndi GPS, alembedwe m'kaundula wa malo wa boma kuti asagulitsidwe, ndipo paikidwe zipilala za simenti m'makona. Mfumu ya mudzi ndi amonke a pakachisi wapafupi apatsidwe malangizo a tsamba limodzi. Fupa likatuluka, lijambulidwe pomwe lili, pambali pake pali lula ndi chizindikiro choloza kumpoto, lisananyamulidwe. Lipatsidwe nambala. Liumitsidwe pamthunzi, chifukwa dzuwa limaling'amba. Liikidwe m'thumba la pepala, chifukwa la pulasitiki limasunga chinyontho n'kumeretsa chuku. Lisatsukidwe ndi mankhwala oyeretsera kapena kupakidwa vanishi, ndipo za m'dzenje limodzi zisasakanizidwe ndi za m'dzenje lina. Akatswiri a ku Cambodia komweko adaonetsa kale kuti ntchitoyi amaitha: adayeza zigaza zoposa 6,000 za ku Choeung Ek, chilichonse n'kuchilemba msinkhu, ngati chidali cha mwamuna kapena mkazi, ndi mtundu wa bala, ndipo zambiri zidapezeka ndi mabala a chinthu cholemera chomenyera kumutu. Kafukufuku wotere afike m'zigawo zonse. Chimodzi chokha musalonjeze: kuti DNA idzabwezera banja lililonse m'bale wake. Mafupa adasakanizika, kutentha ndi chinyezi zimaononga DNA, ndipo ngakhale mano ndi fupa lolimba la kuseri kwa khutu, zimene zimaisunga bwino, sizingathandize popanda magazi a achibale oyerekezera. Kulonjeza zosatheka kwa nkhalamba yofuna mwana wake ndi nkhanza ina.

Palinso funso limene lidaikidwa padera kudikira milandu. Abuda ambiri amakhulupirira kuti wofa imfa yoipa sapuma mpaka mtembo utatenthedwa ndi mwambo wake, ndipo Mfumu Norodom Sihanouk idapempha kuti mafupawa atenthedwe. Boma mu 2001 lidalamula kuti asungidwe ngati umboni. Milandu yatha tsopano. Mwa anthu ali m'maenjemo mulinso a mtundu wa Cham, Asilamu, amene chipembedzo chawo chimafuna kuika m'manda, osati kutentha kapena kuonetsa pagalasi. Maganizo athu ndi akuti mafupa a malo aliwonse ayambe ayesedwa, kujambulidwa ndi kulembedwa mokwanira, kenako anthu a m'deralo, Abuda ndi Asilamu, akhale pansi agwirizane chochita. Yankho la ku Choeung Ek lisakakamizidwe pa mudzi uliwonse.

Mboni ndizo zili ndi nthawi yochepa kuposa zonse. Amene adali ndi zaka 15 mu 1975 adakwanitsa 65 mu 2025. Vann Nath, wojambula amene adapulumuka ku S-21, adamwalira mu 2011. Kujambula mawu a opulumuka kuli ndi malamulo ake, ndipo kukachitika mothamanga kumavulaza. Munthu afotokozeredwe m'chinenero chake, ndipo asankhe yekha ngati mawu ake amveke ndi dzina lake, popanda dzina, kapena atamwalira. Kukambirana kusapitirire ola limodzi ndi theka pa tsiku. Kusachitikire pakhonde pamene mudzi wonse ukumvetsera, chifukwa m'midzi yambiri wozunzidwa ndi amene adali msilikali wa Khmer Rouge amagula pa msika umodzi. Pa nkhani ya maukwati okakamiza, amene khoti mu 2018 lidagamula kuti adali mlandu wolakwira umunthu, mayi afunsidwe ndi mayi mnzake, ndipo abambo nawonso apatsidwe mpata, popeza nawo adakakamizidwa. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mlangizi abwerere kukaona munthuyo, chifukwa maloto oipa amabwera wojambula atapita. Bungwe la TPO Cambodia lakhala likugwira ntchito imeneyi, ndipo madokotala ake amafotokoza vuto limene anthu amalitcha baksbat, kuthyoka kwa mtima wolimba: munthu amakhala wamantha, wosatha kukana, wosafuna kuonekera. Alangizi otere ndi ochepa, ndipo malipiro awo akhale mu bajeti ya zaumoyo.

Mawu ojambulidwa akapanda kulembedwa ndi kuikidwa m'kaundula amakhala ngati chimanga chothiridwa m'nkhokwe yopanda khomo. Apa pali msampha wina. A Khmer Rouge adasintha mayina a malo kukhala manambala, moti boma la Tram Kak linkatchedwa 105, m'chigawo 13 cha kumwera chakumadzulo, ndipo akuluakulu ankadziwika ndi mayina opeka. Nkhalamba idzatchula dzina lakale la mudzi, chikalata chidzatchula nambala, mapu a lero adzatchula dzina lachitatu. Pakufunika buku limodzi lolumikiza mayina onsewa, ndi lina la mayina opeka, ogwiritsidwa ntchito ndi Tuol Sleng, DC-Cam, malo osungira mafilimu ndi mawu ojambulidwa a Bophana ndi nkhokwe ya khoti mofanana. Popanda mabukuwa, umboni wa dzenje limodzi udzakhala m'nyumba zinayi osadziwana.

Nanga chipukutamisozi? Anthu oposa 3,800 adavomerezedwa kukhala odandaula pa mlandu wachiwiri. Malamulo a khoti adangolola chipepeso cha gulu ndi cha ulemu, osati ndalama za munthu payekha, ndipo popeza opezeka olakwa adaonedwa kuti alibe chuma, ntchito zachipepeso zidadalira opereka mphatso. Padatuluka zipilala, zionetsero, mabuku ndi uphungu. Zonsezi n'zabwino, koma mayi wa zaka 75 amene msana udapindikira pa damu amafuna mankhwala. Boma lili kale ndi dongosolo la IDPoor limene limapatsa osauka khadi lolandirira chithandizo chaulere kuchipatala. Odandaula onse amene ali moyo, amene mayina awo khoti lili nawo kale, alowetsedwe m'dongosololi popanda kuwayesanso umphawi, kenako likulitsidwe kufikira opulumuka ena okalamba. Ndipo pali anthu a mtundu wa Vietnam amene makolo awo adabadwira ku Cambodia, adathamangitsidwa mu 1975, nabwerera atataya mapepala onse. Ambiri amakhala m'nyumba zoyandama pa nyanja ya Tonle Sap opanda chiphaso cha dziko lililonse, ndipo ana awo amavutika kulowa sukulu. Khoti lidagamula kuti mtundu wawo udapululidwa. Dziko limene lidalandira chigamulo chimenecho liwapatse ana awo zikalata za kubadwa.

Izi zikutifikitsa pa mawu akuti kupulula mtundu, ndi pa lamulo lanu latsopano. Pangano la 1948 loletsa kupulula mtundu, limene Cambodia idalowa mu 1950, Malawi mu 2017 ndi Zambia mu 2022, limateteza magulu a mitundu inayi: a dziko, a fuko, a khungu ndi a chipembedzo. Silitchula magulu a ndale kapena a chuma. N'chifukwa chake pa 16 Novembala 2018 khoti lidapeza Nuon Chea ndi Khieu Samphan olakwa pa kupulula anthu a mtundu wa Vietnam, ndi Nuon Chea yekha pa kupulula a Cham, pamene kuphedwa kwa Akhmer ambirimbiri, aphunzitsi, amonke, "anthu a pa 17 Epulo" ochotsedwa m'mizinda, lidakutcha milandu yolakwira umunthu. Nuon Chea adamwalira pa 4 Ogasiti 2019 apilo yake isanamvedwe. Mlandu wolakwira umunthu si wochepa poyerekeza ndi winawo, ndipo chilango chake chidali chimodzimodzi. Mphunzitsi wa mbiri ayenera kufotokoza kusiyanaku m'kalasi mosaopa. Lamulo la mu Juni 2013 loletsa kukana milandu ya Khmer Rouge lidadutsa patatsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, ndipo linkapereka ndende ya miyezi 6 mpaka zaka 2. La mu 2025 lidakweza kufika chaka chimodzi mpaka zaka 5. Tikumvetsa ululu wa wopulumuka akamva wina akunena kuti S-21 idali sewero. Komabe lamulo lotere likapanda malire omveka limatseka pakamwa wofufuza amene akutsutsa chiwerengero, ndi mtolankhani amene akufunsa za udindo wa munthu amene lero ali ndi mpando. Muonjezere ndime yoteteza kafukufuku, kuphunzitsa ndi utolankhani wochitika m'choonadi, ndipo chaka chilichonse mufalitse mayina a milandu yonse yozengedwa pansi pa lamuloli.

M'sukulu, nkhaniyi idakhala zaka zambiri ikungokhudzidwa pamwamba, mpaka buku la DC-Cam la mu 2007 lidayamba kugawidwa ndi kuphunzitsidwa mu 2009. Lero anthu ambiri a ku Cambodia adabadwa ulamulirowo utatha. Mutu umene suli pa mayeso aphunzitsi amaudumpha nthawi ikachepa, choncho uzifunsidwa pa mayeso a kalasi 12 chaka chilichonse, ndipo zigamulo za khoti zifupikitsidwe m'Chikhmer cha ana a sukulu. Tsiku la 20 Meyi, lokumbukira ophedwa, lidakhala tchuthi cha dziko mu 2018 ndipo lidachotsedwa pa matchuthi kuyambira 2020. Libwezeretsedwe, ndipo mwambo wake uzitsogozedwa ndi mabanja a ophedwa.

Pomaliza tikutembenukira kwa inu a United Nations ndi mayiko amphamvu, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. A Khmer Rouge atagwa mu 1979, msonkhano waukulu wa mayiko udawasiyira mpando wa Cambodia, ndipo adaukhalabe, kuyambira 1982 mumgwirizano ndi magulu ena, kwa zaka zoposa khumi, maenje a ku Choeung Ek atafukulidwa kale. Khoti lidaloledwa kuona za pakati pa 17 Epulo 1975 ndi 6 Januwale 1979 zokha, ndi anthu a m'ulamulirowo okha. Mabomba amene America idaponya m'dzikolo kuyambira 1969 mpaka 1973, thandizo ndi alangizi a China, ndi njira za m'malire a Thailand zimene zidadyetsa asilikali a Pol Pot atathawa, zonsezi sizidalowe m'khoti. Sitikupempha khoti lina. Tikupempha kuti China, Vietnam, Thailand, America ndi France atsegule makalata a akazembe ndi a asilikali awo a zaka zimenezo, apereke makope ku nkhokwe ya ku Phnom Penh, ndipo Mlembi Wamkulu alembere boma lililonse pempholi poyera. Nthumwi za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zili ndi voti pa msonkhano umene umagawa ndalamazi, ndipo tikuzipempha kuti nkhani ya nkhokweyi ikafika zidzaikire kumbuyo ndalama za chaka ndi chaka.

Tikuyembekeza kuona, ntchito zomalizira za khoti zisanatsekedwe, pangano losainidwa lotchula amene adzasunge zikalata, kumene kope lachiwiri lidzakhale, ndalama zake pa chaka, ndi ofesi imene mboni yotetezedwa idzaimbire foni ikadzaopsezedwa khoti kulibe.

Ndife anu mwaulemu,
Osunga zikalata zakale, a zamalamulo ndi aphunzitsi a mbiri amene tagwirizana pa kalatayi